Chitunda choyamba ndicho chachitali: kuphunzitsa ana aang'ono sayansi ya roller coaster



Nkhani ya lero ingaoneke yachilendo pabwalo la chitukuko. Pabwalo lotere nthawi zambiri pamakambidwa za mijigo, milatho, misewu ndi midadada ya sukulu. Lero pakambidwa za choseweretsa cha kumaiko akutali chotchedwa roller coaster, ndi mmene chingathandizire ana aang'ono kuphunzira sayansi. Kholo lingafunse, ndipo silingalakwe, kuti chinthu chimene mwana wa m'wodi muno mwina sadzachikwera mpaka kukalamba chingamupindulire chiyani. Yankho ndi lakuti malamulo amene amayendetsa choseweretsa chimenechi ndi omwewo amene amayendetsa njinga ya kabaza pamtsetse, katungwe wa pamtengo wa mango, ndiponso madzi a m'mipopi ochokera kuphiri. Mwana amene wawamvetsa akusewera adzawakumbukira tsiku limene adzakhale pachishalo cha njinga yolemedwa ndi katundu, mabuleki ali ofooka, kutsogolo kuli mlatho wopapatiza.

Kasitima kopanda injini

Roller coaster ndi kasitima ka mabogi ochepa opanda denga, koyenda panjanji yoimikidwa pa mizati ya matabwa kapena ya zitsulo. Njanjiyo imakwera, imatsika, imakhota, ndipo pena imapindika n'kupanga mkombero wathunthu, kotero kuti okwerawo amapezeka mitu ili pansi, miyendo ili kumwamba. Anthu amalipira ndalama kuti akakuwe ndi mantha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako n'kutsika akuseka. Abale amene ali ku Johannesburg amaziona pamalo achisangalalo a Gold Reef City, amene anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, mumzinda womwewo umene agogo ambiri a kuno anakhetsako thukuta pa nthawi ya Wenela. Ana a kuno amangoziona pafoni kapena m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo onse amafunsa funso limodzi: nanga anthuwa osagwa bwanji?

Funso limeneli ndi khomo lolowera m'sayansi, ndipo mphunzitsi wanzeru salitseka. Chodabwitsa choyamba chimene angawauze ana ndi chakuti mabogi a roller coaster zambiri alibe injini. Tcheni chachikulu choyendetsedwa ndi magetsi chimawakokera pamwamba pa chitunda choyamba, ndipo pamenepo chimawasiya. Kuchokera apo mpaka kumapeto kwa ulendo, chowayendetsa ndi kukoka kwa dziko basi, mphamvu yomweyo imene imagwetsa mango mumtengo ndi kutsitsa madzi a mvula kuchokera padenga.

Choseweretsachi sichinayambe ndi makina apamwamba. M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Russia ankamanga zitunda za matabwa, n'kuzithira madzi m'nyengo yozizira kuti aume gwa ngati mwala, kenako n'kumatsetserekapo. Mpaka lero anthu a ku France amatcha roller coaster kuti mapiri a ku Russia. Mu 1827, ku Mauch Chunk m'chigawo cha Pennsylvania ku America, kunamangidwa njanji yotsitsira malasha kuchokera kuphiri kupita kumtsinje. Mabogi odzaza malasha ankatsika okha, ndipo nyulu ndizo zinkawakoka pokwera ali opanda kanthu. Patapita nthawi anthu anayamba kulipira kuti akwere nawo pofuna kumva kukoma kwa liwirolo. Mu 1884 LaMarcus Thompson anatsegula ku Coney Island, mumzinda wa New York, njanji yomangidwira chisangalalo chokha. Inkathamanga pafupifupi makilomita 10 pa ola, liwiro limene wakabaza aliyense angalipitirire osatuluka thukuta. Lero ilipo ina yotchedwa Formula Rossa, imene inatsegulidwa ku Abu Dhabi mu 2010 ndipo imafika makilomita 240 pa ola. Imeneyi sikokedwa ndi tcheni. Imaponyedwa poyambira ndi makina amphamvu, monga mwala umachokera m'legeni.

Choncho mwana amene amatsetsereka pachulu atakhala pa katoni akuchita zomwezo zimene anthu a ku Russia ankachita kalekale. Wayamba kale phunzirolo ndi thupi lake. Chimene akusowa ndi munthu womuthandiza kuona malamulo atatu amene akubisala m'masewera akewo.

Lamulo loyamba: kukwera n'kusunga

Chinthu chikakwezedwa pamwamba, ntchito imene yagwiridwa pochikweza sitayika. Imasungidwa monga chimanga m'nkhokwe, kudikira nthawi yotsika. Tcheni chija chikamakoka mabogi pang'onopang'ono kukwera chitunda choyamba, chimakhala chikudzaza nkhokwe. Mabogiwo akayamba kutsika, mphamvu yosungidwayo imasanduka liwiro. Akamakwera chitunda chachiwiri, liwirolo limasandukanso mphamvu yosungidwa, ndipo amachedwa pamene akuyandikira pamwamba. Ulendo wonse ndi kusinthana kumeneku: utali kusanduka liwiro, liwiro kusanduka utali.

Tsono munthu sangatape m'nkhokwe chimanga choposa chimene anaikamo. N'chifukwa chake pa roller coaster yokokedwa ndi tcheni, chitunda choyamba ndicho chimakhala chachitali kuposa zonse. Mmisiri atati amange chachiwiri chachitali kuposa choyamba, mabogiwo angakwere pang'ono, n'kuima, n'kubwerera chambuyo.

Lamuloli lingaoneke ndi maso pa katungwe. Aphunzitsi amange thumba la mchenga pachingwe, alikokere pambali kufika pomwe mwana wina waimika ndodo yosonyeza utali, kenako alisiye osalikankha. Asanalisiye afunse ana kuti pobwerera lifika pati. Ena adzati lipitirira ndodoyo, ena adzati lifika pomwepo. Thumbalo lidzapita, lidzabwera, ndipo lidzalekeza pang'ono m'munsi mwa chizindikirocho. Ulendo wachiwiri lidzalekeza m'munsi kuposa apo. Akuluakulu anati katungwe n'kukankhana, ndipo sayansi ikuwavomereza: popanda wothiramo mphamvu yatsopano, katungwe sangafike pomwe anayambira.

Lamulo lomweli ndilo limayendetsa madzi a m'mipopi ochokera kumapiri, amene madera ambiri akumidzi m'Malawi amamwa kuyambira pamene ntchito yoyamba ya mtunduwu inachitika ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968. Madzi amenewa sapopedwa ndi injini. Amisiri oyala mapaipi amadziwa kuti paipi ingatsikire m'chigwa n'kukwera tsidya lina, madzi n'kutulukabe, malinga mpopiwo ukhale m'munsi mwa thanki imene ikuupatsa madzi. Mudzi umene uli pamwamba kuposa thankiyo sungalandire madzi, ngakhale komiti itakangana mpaka dzuwa kulowa. Mwana amene waona kampira kakulephera kukwera chitunda chachitali kuposa pomwe kanayambira, akadzakula n'kukhala m'komiti ya madzi, sadzaganiza kuti mmisiri akukondera mudzi wina. Adzafunsa za utali wa malo, ndipo mkangano udzathera pa muyeso.

Ngakhale magetsi ambiri a dziko lino amachokera m'nkhokwe yomweyi. Pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinje wa Shire umatsika mamita oposa 300, ndipo pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira madzi otsikawo amazunguza makina opanga magetsi. Utali umasanduka liwiro, liwiro n'kusanduka kuwala m'chipinda cha amayi oyembekezera kuchipatala.

Lamulo lachiwiri: liwiro liyenera kupita kwinakwake

Akatswiri anawerengera kale kuchuluka kwa liwiro limene utali umabala. Ngati palibe chochedwetsa, chinthu chotsika mamita 5 chimafika pansi chikuthamanga pafupifupi makilomita 35 pa ola. Chotsika mamita 20 chimafika chikuthamanga pafupifupi makilomita 70 pa ola. Apa pali mfundo ziwiri zoyenera kuzigwira. Yoyamba ndi yakuti chimene chimabala liwiro ndi utali umene chinthu chatsika, osati kupendekeka kwa malo kokha. Mtsetse wautali wooneka wofatsa ungathe kupereka liwiro loopsa kumapeto kwake. Yachiwiri ndi yakuti utali wa mamita 20 ndi wochuluka kanayi kuposa wa mamita 5, chikhalirecho liwiro langowonjezeka kawiri. Kunena kwina, liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu imene chinthucho chanyamula imawonjezeka kanayi, ndipo mtunda wofunika kuti chiime umatalika kanayi.

Nanga mphamvu imene thumba la mchenga lija limataya paulendo uliwonse imapita kuti? Imadyedwa ndi kukhulana: chingwe kukhulana ndi nthambi, thumba kukhulana ndi mpweya. Pa roller coaster mawilo amakhulana ndi njanji, mabogi amalimbana ndi mphepo, ndipo n'chifukwa chake zitunda zimanka zifupika kumapeto. Kukhulana kuli ngati anankafumbwe m'nkhokwe, amene amadya pang'onopang'ono osaoneka. Komabe mphamvuyo sizimirira; imasanduka kutentha ndi phokoso. Ana apekese zikhatho zawo mwamsanga, adzamva kutentha. Akhudze mosamala chitsulo cha wilo la njinga imene yangotsika phiri mabuleki atagwidwa, adzapeza chafunda. Mabuleki ndi kukhulana kochita kufuna: ntchito yawo ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. N'chifukwa chake madalaivala a magalimoto akuluakulu amatsika mapiri ndi giya yaing'ono, kuti injini ithandize kugwira galimoto, poopa kuti mabuleki angatenthe mopitirira muyeso n'kusiya kugwira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza moyo. Ana ambiri a m'midzi amayamba kupalasa njinga yonyamula zigubu za madzi, matumba a chimanga opita kuchigayo kapena mng'ono wawo pakaliyala asanamalize sukulu ya pulaimale. Katundu akachuluka kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza imachulukanso kawiri. Liwiro likachuluka kawiri, imachuluka kanayi. Zikaphatikizana, phazi lopondera tayala silingakwanitse. Amisiri a roller coaster amawerengera zonsezi asanakhomere msomali woyamba, ndipo amaika mabuleki amphamvu kumapeto kwa njanji, ena mwa iwo ogwiritsa ntchito maginito. Mwana wa pamtsetse wa kumudzi alibe mmisiri womuwerengera. Chitetezo chake ndi kudziwa kuti liwiro liyenera kuchepetsedwa pamwamba, lisanakule, ndi kuti kutsika n'kukankha njinga si manyazi.

Lamulo lachitatu: chinthu choyenda chimafuna kulunjika

Tsopano ku funso la ana lija, la anthu oyenda mitu ili pansi. Yankho lake lili m'kandowa ka madzi. Mphunzitsi athire madzi pang'ono m'kandowa kolimba chogwirira, aime poyera, akazunguze mwamsanga kuchokera pansi kudutsa pamwamba pa mutu. Madziwo satayika. Akazunguze mwaulesi, anyowa, ndipo ana adzaseka n'kukumbukira mpaka kalekale.

Chifukwa chake anachifotokoza Isaac Newton wa ku England mu 1687: chinthu chimene chikuyenda chimapitirira kuyenda molunjika, pokhapokha china chake chichikhotetse kapena kuchiimitsa. Madzi a m'kandowa amafuna kuuluka molunjika, koma kandowako kamawatsekera njira n'kuwakakamiza kuzungulira, motero amakanikizika pansi pa kandowako. Pamwamba penipeni dziko limawakokabe, koma kandowako kamakhala kakukhotera pansi mofulumira kuposa mmene madziwo angagwere paokha, ndiye sapeza mpata wotuluka. Anthu a pa roller coaster ali ngati madziwo. Liwiro likakwanira, thupi limakanikizika pampando ngakhale mutu uli pansi.

Amisiri anaphunzira zimenezi movutikira. Mu 1895 ku Coney Island kunatsegulidwa njanji yotchedwa Flip Flap Railway, ya mkombero wozungulira ndendende, ndipo okwera ena ankatsika makosi akupweteka chifukwa cha kukhota kwadzidzidzi ali paliwiro lalikulu. Mu 1976 ku California kunatsegulidwa ina imene mkombero wake anauwerengera katswiri wa ku Germany, Werner Stengel: wokhota pang'onopang'ono polowa ndi potuluka pomwe liwiro ndi lalikulu, wokhota kwambiri pamwamba pomwe liwiro lachepa. Kuwonjezera apo, amisiri sadalira liwiro lokha. Mabogi ali ndi mawilo pamwamba pa njanji, m'mbali mwake ndiponso kunsi kwake, luso limene John Miller analembetsa mu 1919, kotero kuti sangachoke panjanji. Okwera amamangidwa ndi malamba kapena zitsulo zotchinga. Pokwera chitunda choyamba pamamveka phokoso la kadzino kachitsulo kolumphalumpha pamano a njanji, koletsa mabogi kubwerera ngati tcheni chitaduka. Kadzino kofanana nako kali m'fuliwilo ya njinga, ndipo ndiko kamalira wopalasa akasiya kupalasa. Phunziro kwa ana ndi lakuti mmisiri weniweni amakonzekera tsiku limene chinthu chidzalephere.

Lamulo lomweli ndilo limakankhira anthu kumbali galimoto ikamakhota. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, kapena kukwera msewu wa makona pafupifupi 20 wopita ku Livingstonia, amalidziwa ndi thupi lawo. Galimoto imakhota, thupi limafuna kulunjika. Mwana wokhala m'mphepete mwa bodi ya lole, wopanda chogwira, ndiye woyamba kuponyedwa. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, wosamanga lamba amapitirira ndi liwiro lomwe anali nalo mpaka atagunda china chake.

Kaphunzitsidwe kake

Zonsezi sizifuna nyumba ya zipangizo zodula. Galileo wa ku Italy, amene anatsegula njira ya sayansi ya zinthu zoyenda, anagwiritsa ntchito thabwa lokumbidwa kangalande, kampira kachitsulo, ndi madzi odontha oyezera nthawi, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1638. Anaona kuti nthawi ikawonjezeka kawiri, kampira kamatsika mtunda wochuluka kanayi. Zipangizo za Galileo zilipo m'mudzi uliwonse. Aphunzitsi amadziwa kale njira ya TALULAR, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo. Nsungwi yong'ambidwa pakati n'kuchotsedwa mfundo ndi njanji yowongoka. Khungwa la thunthu la nthochi ndi njanji yokhota. Tayala lakutha la njinga, likadulidwa pamalo amodzi, limapereka ngalande yopindika imene ingapange zitunda ngakhale mkombero. Njerwa ndizo mizati. Mandimu, timipira ta dongo louma ndi timipira tachitsulo tochokera kwa okonza njinga ndiwo mabogi.

Ana a mkombaphala safunika kumva mawu akuti mphamvu yosungidwa. Iwo agubuduze mandimu pathabwa, aone, atchule mawu akuti pamwamba, pansi, msanga, pang'onopang'ono. Mlezi akweze thabwalo n'kufunsa kuti tsopano chichitika n'chiyani. Pamsinkhu umenewu phunziro lonse ndi kulosera ndi kuyesa.

Ana a Sitandade 1 ndi 2 ayambe kuyeza. Thabwa litsamire pa njerwa imodzi, kampira kasiyidwe pamwamba osakankhidwa, ndipo ana awerenge mapazi kuchokera pathabwa kufika pomwe kaima. Kenako njerwa ziwiri, kenako zinayi. Pamalo osalala adzapeza kuti mtunda ukunka ukula molingana ndi njerwazo, ndipo pa njerwa zinayi kampira kakupita kutali pafupifupi kanayi. Amenewo ndi masamu a mabuleki aja, opezedwa ndi mapazi a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Akatero asinthe pogubuduzira: pasimenti ya khonde, padothi, pamchenga, pachiguduli. Kusiyana kumene adzaone ndiko kukhulana.

Ana a Sitandade 3 ndi 4 amange njanji ya zitunda ziwiri m'magulu, ndipo gulu lililonse lipeze utali umene chitunda chachiwiri chingafike kampira kasanayambe kubwerera. Akatha apo ayese mkombero wa tayala. Masamu amasonyeza kuti ngati mkomberowo ndi wotalika masentimita 40, kampira kayenera kuyambira pautali woposa masentimita 50 kuchokera pansi pa mkomberowo, ndipo pa tayala lenileni, lokhakhala m'kati, pamafunika utali woposerapo ndithu. Aphunzitsi asawauze nambalayo. Ana akweze poyambira pang'onopang'ono, alembe zotsatira m'kope, mpaka kampira kazungulire osagwa. Chimwemwe cha nthawi imeneyo palibe bolodi limene lingachipereke.

Pali mfundo zinayi zoyenera kusungidwa pamsinkhu uliwonse. Yoyamba, mwana alosere asanayese, ndipo wolosera molakwa asasekedwe, pakuti kulakwa kumene kwayezedwa ndiko kumaphunzitsa. Yachiwiri, pasinthidwe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akasintha utali ndi kampira nthawi yomweyo, sadzadziwa chimene chabweretsa kusiyana. Yachitatu, mwana afotokoze zimene waona m'chinenero chake, ndipo mawu a Chingerezi a m'mabuku adzabwera pambuyo kudzapeza nzeru itakhazikika kale. Yachinayi, atsikana agwire zipangizo. Kawirikawiri pamasewera omanga zinthu anyamata amathamangira kutsogolo, atsikana n'kusiyidwa kulemba kapena kuonerera. Mphunzitsi agawe ntchito mosinthana, kuti womanga lero adzakhale woyeza mawa. Kalasi ikakhala ya ana ochuluka, phunziroli limayenda bwino panja, pansi pa mtengo, m'magulu a ana ochepa, gulu lililonse ndi njanji yake.

Chitetezo chisaiwalike. Kung'amba nsungwi ndi kudula matayala ndi ntchito ya akuluakulu, ndipo m'mphepete mwa nsungwi mupalidwe kuti musacheke zala. Timipira ting'onoting'ono tisaperekedwe kwa ana a mkombaphala, amene angathe kutimeza kapena kutilowetsa m'mphuno; iwo agwiritse ntchito mandimu. Wozunguza kandowa aime patali ndi anzake. Chingwe cha katungwe ndi nthambi yake ziyesedwe ndi munthu wamkulu nthawi ndi nthawi.

Pempho kwa anthu a m'wodi muno

Sayansi imaopedwa ndi ana ambiri chifukwa amakumana nayo koyamba ngati mndandanda wa mawu achilendo oloweza pamtima. Mwana amene anayamba waigwira ndi manja amafika m'makalasi apamwamba akuidziwa kale nkhope. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14 pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga, anayamba ndi chidwi chomasula mawailesi kuti aone za m'kati. Chidwi chotere chimabadwa ndi mwana aliyense. Chimafa pamene funso lililonse likuyankhidwa ndi mawu akuti usandisokose.

Pempho loyamba likupita kwa makolo. Mwana akafunsa chifukwa chimene njinga imathamangira pamtsetse, kholo lisachite manyazi ngati yankho silikulidziwa. Kunena kuti tiye tiyese tione ndi yankho lokwanira, ndipo ndi mmene akatswiri enieni amayankhira. Galimoto yamawaya ndi ngolo ya mapesi zimene mwana wapanga zisatayidwe ngati zinyalala.

Pempho lachiwiri likupita kwa makomiti a sukulu, magulu a amayi oyang'anira ana ndi alezi. Pasukulu iliyonse pangapatulidwe kamalo ka mthunzi kokhala ndi katungwe wolimba, matabwa awiri kapena atatu, njerwa, nsungwi ndi matayala akutha. Chofunika kugula ndi chingwe ndi misomali basi.

Pempho lachitatu likupita kwa okonza njinga, akalipentala, amisiri a mapaipi ndi akabaza. Zakutha za m'malo awo antchito ndi zipangizo za sukulu, ndipo nzeru zawo n'zofunika koposa. Wokonza njinga amene angapatule ola limodzi kudzamasula fuliwilo pamaso pa ana, n'kuwaonetsa kadzino kaja, waphunzitsa zimene buku silikanatha.

Pempho lomaliza likupita kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a dera. Pokonza ndondomeko za chitukuko, malo osewerera ana aang'ono alembedwe pamodzi ndi midadada ndi zimbudzi. Komanso mitsetse yoopsa ya m'wodi muno, imene aliyense amaidziwa ndi dzina, itchulidwe kwa ana, ndipo aphunzitsi apite nawo pamalopo kukaona pomwe wanjinga ayenera kuyambira kugwira mabuleki.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Amisiri a roller coaster amanena zomwezo ndi zitsulo: kutalika kwa ulendo kumadalira utali wa chitunda choyamba. Kwa mwana, chitunda chimenecho ndi zaka za mkombaphala ndi makalasi oyambirira, ndipo ochikweza ndi anthu amene akhala pabwalo lino. Sabata ikubwerayi, aliyense amene ali ndi tayala lakutha kuseri kwa nyumba alitengere kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ili pafupi naye.